Malipiro a Lefitenanti Ndao

Zinder,
14 Epulo 1937

Okondedwa Achemwali Rokhaya,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nsomba zouma munatumiza zija zinafika, ngakhale zina zinafumbwa m'njira. Zikomo kwambiri.

Munalemba kuti kwathu ku Ndar anthu akutichitira nsanje, ati mwamuna wa Yacine wachotsedwa kubalakisi n'kuikidwa mu ofesi ya azungu. Auzeni asadzivute.

Chichokereni kugulu lawo la nkhondo, amuna anga, bambo a Fari, sanalandirepo malipiro. Akuluakulu a asilikali akuti munthuyu anabwerekedwa, amulipire amene anamubwereka. A boma akuti msilikali amalipidwa ndi asilikali anzake. Makalata akungopita n'kubwera. Ndalama imene sichedwa ndi ya chakudya cha hatchi yokha, poti bwana wa boma akamayendera midzi amafuna lefitenanti pambali pake, atakwera hatchi yonenepa.

Azungu a udindo womwewo amalandira ina yapadera, ati ya kukhala kutali ndi kwawo. Bambo a Fari atafunsa za yawo, kaputeni anaseka. "Iwe Ndao, kutali ndi kuti? Suli mu Afirika momwemu?" Achemwali, ife amene tinakwera sitima, bwato ndi ngamila kuti tifike kuno!

Tsiku lina ndinawauza kuti, "Mapira a hatchiwa titapeko, ana adye."

"Yacine, akandigwira andivula yunifolomu pamaso pa anthu."

"Nanga yunifolomuyo tiphika?"

Anangotuluka. Tsopano ndimatapa ndekha iwo akapita kuntchito. Akudziwa, koma sandiletsa.

Mwezi watha kunagwa matenda oumitsa khosi, ndipo anamugwira Fari abambo ake ali kumidzi ndi bwana. Ndinamubereka, mwana wamkulu uja, mpaka kwa dokotala wa asilikali. Anandiuza kuti sitilinso anthu ake, ndipite kwa a boma. Kumeneko ndinapeza anthu atagona pabwalo, mankhwala atatha. Ndinagulitsa ndolo zagolide anandipatsa amayi zija kwa Mhausa wina wamalonda, n'kugula mankhwala kumbali. Pofika nawo mwanayo sankandizindikiranso.

Fari tinamuika Lachisanu, abambo ake asanabwere. Atafika anakaima pamanda fumbi la ulendo lili m'thupi, osalira. M'mawa mwake anavala n'kupita kuntchito chifukwa kwa bwana kunali alendo. Ndimawaitanabe kuti bambo a Fari. Sindikudziwa dzina lina loti ndiwaitanire.

Mwana wathu wamng'ono Birame ali bwino, wayamba kuyankhula Chihausa kuposa chathu. Akupereka moni kwa ana anu onse. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Sokhna ndi onse apakhomo.

Koma amayi musawawerengere kalatayi. Mupite nokha, mukhale nawo pamkeka. Muyambe mwawauza za ndolo. Akakalipa n'kutonthola, muwapatse madzi amwe, kenako muwauze zinazo.

Ndine mng'ono wanu,
Yacine