Foni ya Felesta

Lolemba, 8 Meyi 2023
Mazira 11, limodzi losweka. Chisanu.
Apolisi awiri kwa Lyford, mwini mlongoti wa intaneti uli kuseri kwa khola langa. Nyumba 43 za pa Champhira zimalumikiza pamenepo, yathu mwaulere poti malowo ndi anga. Akufuna amene anaika pa Fesibuku, ndi dzina labodza, chithunzi cha bwana wina akupakiza matabwa akuba. Abwera ndi tsiku ndi ola lake. Kani makina a Lyford amasunga zonse: foni iti, nthawi yanji, inalowa kuti. Ndawasirira makinawo.

Lachiwiri, 9 Meyi
Lyford pakhonde, chipewa m'manja, thukuta m'chisanu chino. "Amama, ndikakana andilanda layisensi. Yatuluka foni ya m'nyumba mwanu, ya a Felesta."
Felesta, mkamwana wanga, mkazi wa malemu mwana wanga Wilfred. Tinapereka ng'ombe 6 za malowolo, watipatsa ana awiri, onse aakazi.
Ola limenelo anali atagwada, akundithowa bondo. Foni yake inali ndi Nason, chitsiriza wanga, pansi pa mtengo wa mango. Ndinamuona pazenera. Nason yake anagulitsa chaka chatha.
Ndauza Lyford apereke zomwe makina anena.

Lachinayi, 11 Meyi
Apolisi amutenga Felesta akuyanika ufa. Sanakuwe. Anangoti, "Amama, ndapota, auzeni komwe ndinali." Ndati ndili ndi zaka 74, masiku amandisokonekera. Ine amene ndinaphunzitsa masamu zaka 31! Wapolisi walemba.
Nkhuku zadya ufa pafupifupi mbale imodzi. Wosasamala, akanavundikira.
Ndinabala asanu, anayi ndinaika m'manda. Wotsala ndi mmodzi. Mkamwana amapezeka wina. Samu yake ndi yosavuta.

Lachisanu, 19 Meyi
Akadali m'chitokosi ku Mzimba boma. Sindinapiteko, bondo.
Nyumba 17 zachoka kwa Lyford, akuti mlongoti uli ndi makutu. Kutchalitchi andipatsa moni amayi atatu okha.
Abale a Felesta a ku Engutwini anabwera kudzatenga ana. Ndawakumbutsa za ng'ombe: ana ndi athu. Tiyi sindinawapatse. Mdzukulu wamng'ono akunyowetsa mphasa usiku. Ndamuuza kuti akapitiriza, apolisi abweranso.
Nason akudya bwino. "Mwanakazi samusunga, amama, amutulutsa. Koma bwana uja akunjenjemera chomene!" Akuseka ngati bambo ake. Ndamuonjezera dzira.

Lachisanu, 2 Juni
Chithunzi china chatuluka dzulo masana, dzina labodza lomwe lija.
Lyford sanakwere pakhonde, waima kumpanda. "A Felesta ali mkati, ndiye apolisi akuti si iwo. Ndapereka kale za dzulo. Amama, foni yanu inali ndi ndani?"
Inali pa tchaja m'chipinda changa, pomwe ndimaisiya Lachinayi lililonse ndikamapita ku msonkhano wa amayi a mpingo. Nason akudziwa zimenezi.
Wachoka m'bandakucha. Chikwama chachikulu palibe, bulangete langa latsopano palibe. Wa njinga yamoto akuti anamutula pa Jenda, pa basi za ku Joni. Osatsanzika.
Amayi 26 anandiona kutchalitchi dzulo, ndinatsogolera nyimbo ziwiri. Ndawerenga amene angatsegule pakamwa chifukwa cha ine. Ndawerenganso, kuyambira benchi yakumbuyo.
Ana aima pazenera, akuti galimoto ya apolisi yabwera ndi amayi awo. Ndaona zipewa ziwiri, ndipo Felesta akuloza khomo langa