Galimoto ya ukwati yamwa madzi a Lingadzi

Aphungu,

Pepani ndi malembedwe angawa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4 kwathu ku Ntcheu, ndiye zilembo zina zagona, zina zatsamirana. Pamene pakukanikani kuwerenga mungolumpha, nkhani yake muimva ndithu.

Ndiyambe ndi chokoma. Mwana wathu woyamba, Jemima, akukwatiwa pa 21 Disembala. Mwamuna wake ndi Thumbiko, mphunzitsi, munthu waulemu woti akafika pakhomo amavula chipewa akadali kumsewu. Kwawo ndi kupitirira Rumphi, kumapiri, ndipo ukwati ukadalitsidwa kutchalitchi kwa makolo ake. Pakhomo pano amayi ake a Jemima akuimba ngakhale posesa.

Asewere athu analemba kalata kuti nthawi ya mvula basi imalekezera pa Rumphi, kutsogoloko ndi matope okhaokha. Ine ndi chimwemwe changa ndinayankha tsiku lomwelo kuti, "Musavutike, mkwatibwi tibwera naye pa galimoto yathu mpaka pakhomo la tchalitchi." Kalatayo akuti anaiwerenga pamaso pa abale onse. Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga.

Galimotoyo ilipodi. Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi kwa mzungu wina wa zaulimi, ndinkasamala maluwa ndi kutsuka galimoto. Anandiphunzitsa kuyendetsa, laisensi ndinatenga. Pobwerera kwawo chaka chatha anandisiyira galimoto yake yakale ya 1979, ija yokoka ndi matayala onse anayi, ya ndodo ziwiri za giya. Pondipatsa makiyi anangoti, m'Chichewa chake chothyokathyoka, "Bambo, osaiwala oyilo."

Sindinaiwale. Mwezi ndi mwezi ndimasintha oyilo wa injini, ngakhale galimoto itangoyenda kutchalitchi ndi kuchigayo basi. Ndipo Loweruka lililonse ndimaitsuka, popeza kutsuka ndiye ntchito imene ndimaidziwa. Kwa abwana kunali paipi. Kuno ku Area 25 madzi timaimira pamzere, ndiye ndimapita nayo ku Lingadzi, pamene amalowera a malole amchenga. Ndikangofika ndimailowetsa m'madzi mpaka matayala atatsala pang'ono kumira, ndikuikwecha mpaka kunsi. Ikamabwera ikuwala, amayi ake a Jemima amauza anansi kuti, "Mkazi mnzanga uja wabwera kosamba."

Tsopano sabata ziwiri zapitazo inayamba kulira chakumbuyo, kuti wuuu, ngati njuchi zili m'ndowa. Ndinapita nayo kwa Bwanali, makaniko amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Analowa pansi, namasula bawuti pa chimphika chija chili pakati pa matayala akumbuyo, chimene iye amati difu. Anapisamo chala, nachitulutsa, nayamba kuseka ali chigonere.

"Madala, galimoto yanuyi mumaimwetsa tiyi wamkaka?"

Ndinayang'ana. Zoonadi, chala chinali ngati wachiviika mu tiyi wothira mkaka wambiri. Ndinati, "Koma oyilo ndasintha Lolemba lomweli." Anadzuka, nadzipukuta, nati, "Oyilo wake uti? Iyi ili ndi mimba zambiri ngati ng'ombe." Anawerenga ndi zala: injini, giyabokosi, bokosi lina laling'ono logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, difu yakutsogolo, difu yakumbuyo, mafuta a mabuleki, a kilatchi, ndi madzi a mu redieta. Anatsegula kabotolo ka mabuleki, mafuta ake anali akuda ngati khofi. Iye akuti tikhetse zonse, tithire zatsopano.

Aphungu, tangoganizani. Chaka chonse ndakhala ndikudyetsa mimba imodzi.

Madzulo ake ndinafotokozera alamu anga a Gilford, amene anayendapo zaka zambiri pa lole ya matola. Iwo anagwira kumutu. Anati, "Alamu, galimoto yokalamba saitsegula m'mimba. Oyilo wakaleyo ndi amene wagwira zitsulozo pamodzi. Mukathira watsopano iyamba kudontha paliponse, mukagona pa Jenda ndi mkwatibwi." Za mabuleki anati ndisadandaule, akavuta panjira madzi a sopo amakwana, iwo ankatero.

Amayi ake a Jemima akungondiseka. Akuti, "Inu tsiku lobadwa mwanayu munkaopa kuti njinga yonditengera kuchipatala iphulika. Lero akukwatiwa mukuopa galimoto." N'zoona ndine wamantha. Koma ndikatseka maso ndikuona mwana wanga atavala diresi loyera ali chiimire m'matope, asewere akudikira kutchalitchi ndi kwaya yawo, ine ndili pansi pa galimoto ndi suti yanga. Ndikuonanso mitsetse ya kumapiri ija, m'galimoto muli anthu asanu ndi awiri ndi keke.

Diresi lasokedwa, nsapato zapezeka, azakhali a ku Ntcheu afika kale. Chimene sindikudziwa mpaka lero ndi ichi: ndisinthe ziti, ndisiye ziti, ndipo ndimvere Bwanali kapena alamu anga.

Z. K. M.,
Area 25, Lilongwe.

Bambo Z. K. M.,

Kalata yanu ndawerenga yonse osalumpha pena paliponse. Mafuno abwino kwa Jemima ndi Thumbiko. Bambo amene akuda nkhawa ndi mabuleki ukwati usanafike si wamantha, ndi bambo wabwino.

Ine si makaniko, choncho ndinatenga kalata yanu kupita nayo kwa anzanga a Malizani a ku Biwi, amene tsitsi lawo lachita imvi ali pansi pa magalimoto ngati yanuyo. Atafika pa nkhani ya Lingadzi anavula magalasi, nati, "Mkuluyu galimoto waikonda mpaka waimiza." Akuti mukafika kumtsinje zitsulo za pansi zimakhala zotentha. Zikalowa m'madzi ozizira zimakoka madzi kudzera m'timabowo topumira ndi m'malabala okalamba otchinga oyilo. Madziwo akasakanikirana ndi oyilo ndiye tiyi wamkaka uja. Ndiye vuto lanu si kunyalanyaza, ndi ukhondo.

Tsono chitani motere, sabata ino, osati sabata ya ukwati.

Yambani ndi mabuleki. Mafuta akuda ngati khofi ndi okalamba ndipo amwa chinyezi. Pa mtsetse wautali amatentha, phazi limangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Bwanali awakhetse onse, athire atsopano a m'botolo losatsegulidwa, a mtundu umene walembedwa pachivindikiro, atulutse mpweya patayala lililonse. Ali pomwepo achitenso a kilatchi, ayang'anenso ngati mapaipi sakudontha. Madzi a sopo ayi. Alamu anu anapulumuka mwamwayi, ndipo mwayi umenewo musauyese pa mwana wanu.

Kenako madifu, onse awiri. Yakutsogolo inasambanso nawo ku Lingadzi. Bokosi logawira mphamvu lija ndi giyabokosi muzikhetsenso, poti palibe akudziwa chaka chimene zinatsegulidwa komaliza. Zimenezi zimafuna oyilo wolemera wa magiya, osati wa injini. A Malizani akuti pa magalimoto ambiri a msinkhu umenewo ndi wa nambala 90, koma ngati abwana anasiya kabuku ka galimotoyo, tsatirani kabukuko. Muiyendetse kaye pang'ono kuti oyilo afunde, atuluke yense. Ndipo muuzeni Bwanali ayambe wamasula bawuti yothirira asanamasule yokhetsera. Mukakhetsa kenako n'kupeza kuti yothirira yakana kumasuka, galimoto yanu ikhala pansi pa mango mpaka Khirisimasi. Girizi wa m'mabering'i a matayala amuonenso, madzi amafikanso kumeneko.

Madzi a mu redieta ayang'aneni injini itazizira. Ngati ali ofiira ndi dzimbiri, tsukani muthire ena pamodzi ndi mankhwala ake. Ngati ali oyera, asiyeni.

Chimene musiye ndi chimodzi: oyilo wa injini. Mwasintha Lolemba, ndi watsopano. Galimoto yongopita kutchalitchi ndi kuchigayo siifuna oyilo mwezi ndi mwezi. Mimba imeneyo yakhuta.

Alamu anu musakangane nawo, muli nawo ulendo wautali. Pang'ono akunena zoona: pamene labala latha, oyilo watsopano amaonetsa podontha. Koma kudonthako kuoneke kuno, Bwanali ali pafupi, osati pa Jenda. Chimene chili m'difu yanu panopa sichikugwira zitsulo, chikuzidya.

Zonse zikatha, kwezani anthu asanu ndi awiri, azakhali a ku Ntcheu akhale nawo, mupite ku Mponela ndi kubwerako. Mukafika Bwanali apisenso chala. Ngati mukadali mkaka, khetsaninso kachiwiri. Oyilo wakaleyo musakatayire kumtsinje. Pa ulendo weniweniwo nyamukani kutatsala masiku awiri, tengani botolo la mafuta a mabuleki ndi la oyilo wa magiya, ndipo pa mitsetse tsikani ndi giya yaing'ono, osadalira phazi lokha.

Amayi a Jemima muwauze kuti kuyambira lero mkazi mnzawo azisamba m'ndowa pakhomo ngati wina aliyense.

Koma pali chimodzi chimene ine ndi a Malizani sitingachidziwe tili kuno: kulira kwa njuchi kuja. Mwina ndi oyilo chabe, ndipo kutha mukathira watsopano. Mwinanso mano a m'difu kapena bering'i zadyeka kale. Muyang'ane pa bawuti yokhetsera. Fumbi lachitsulo pang'ono si kanthu, koma mukapeza tizidutswa togwirika ndi zala, kapena mukamabwera ku Mponela njuchi zikadali kulira, galimotoyo isanyamule mkwatibwi isanatsegulidwe. Zikatero lembani kalata ina ku Rumphi tsiku lomwelo, asewere akonze thirakitala kapena lole yokuchingamirani. Manyazi a kalata amatha msanga. Jemima akufunika kufika kutchalitchi, kaya pa galimoto ya ndani.

Mponela ndiye atiuze.

Aphungu