Malaya a Mafumu

Lachitatu, 2 Epulo

Msana. Mawondo. Mvula yosakata, tsabola sanafesedwe. Mwana wanga Rumyana waimba foni ali ku Ruse, akuti ndizilemba zimene bambo ake alankhula, adokotala akufuna kuona. Ndilembe chiyani? Chiwagwereni sitiroko mu Januwale, amuna anga a Parashkev mawu awo ndi ayi, madzi, ayi. Maso adapita kale ndi shuga. Supuni amati kiyi. Ine amandiitana dzina la malemu mlongo wawo, munthu amene sitinkamwerana madzi.

Loweruka, 5 Epulo

Ndimafuna ulusi, ndapeza chitini chawo chija. Tindalama takale ta Aroma, timene akhala akutola m'munda kumbuyo kwa pulawo kuyambira tisanakwatirane. Tobiriwira, tonyansa, tosagula ngakhale machesi. Ndawaikira kamodzi m'manja kuti asiye kusomola bulangete. Asisita ndi chala chachikulu, asisita. Kenako: "Probo." Bwinobwino, ngati wansembe. Ndinakhala pansi pomwepo.

Lachiwiri, 8 Epulo

Ndayamba sukulu ndi imvi, ine amene ndinaithawa ndisanadziwe masamu ogawa. Iwo akhudza, atchula dzina la mfumu ya pakandalamapo, ine ndiyang'ana ndi galasi lawo lokulitsa. Probo ndi wa chisoti chaminga. Konstantini khosi ngati ng'ombe yapagoli. Pali mayi wina, Faustina, tsitsi lomanga kumbuyo, nkhope ya munthu wokana kubwereketsa mchere. Kuseri kwa kena kuli mmbulu ukuyamwitsa ana a anthu. Zimenezo sindinafunse.

Mankhwala akweranso. Penshoni ili pomwe inali.

Ndinati, "Mafumu anuwa sasamba?" Anandigwira dzanja mwamphamvu: "Malaya. Osavula." Ndinati palibe akukuvulani, mdala, kunja kukuzizira.

Lachinayi Loyera, 17 Epulo

Mazira ofiira a Pasaka aphikidwa. Ndatsuka mawindo, makatani, pansi ponse. Ndekha, ndani wina. Mapoto amkuwa ndakwecha ndi viniga ndi mchere monga chaka chilichonse. Viniga anatsalako, ndiye ndati mafumu nawonso alowe Pasaka ali oyera, mwina mdala akondwa. Chitini chonse m'beseni. Burashi yakale ya mano. Madzi kubiriwira ngati ndulu.

Akuwala. Komatu ena nkhope zatsalira m'madzi momwemo. Faustina alibe mphuno.

Lachisanu, 18 Epulo

Mdala ndawapatsa woyamba mwa mafumu aja. Asisita, atembenuza, asisitanso. Aika pa bulangete. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu sanamulandire n'komwe. Atembenukira kukhoma.

A Lyuben, aphunzitsi opuma amene ankasinthana nawo tindalamati, abwera kudzazonda. Asuzumira m'beseni, avula chipewa ngati afika pamaliro. Akuti, "Mayi Velika, chobiriwira chija ndiwo malaya ake. Nthaka imasoka zaka mazanamazana. Nkhope imakhala m'menemo." Ndawauza kuti akanabwera Lachitatu, osati kumasunga nzeru m'nyumba ngati vinyo wa ukwati.

Malaya. Mdala anandiuza. Tsiku limodzi limene lilime lawo linayenda mowongoka, ine n'kuyesa zosokonekera.

Pasaka, 20 Epulo

Sanagunditse nane dzira monga mwa mwambo wa Pasaka. Ndawafumbatitsa m'manja, lagubudukira pansi. Ngakhale "ayi" palibe. Rumyana wafunsa pa foni, ndati agona. Kutchalitchi sindinapite. Mwendo, ndi zina.

Lachitatu, 23 Epulo

Ndatopa. Msuzi wa nyemba akumeza, koma ngati ndikuthira mu mtsuko.

Masana ndatenga khasu ndi chitini, ndaima pakhomo la chipinda. Ndati, "Ndikukawakwirira mafumu anu kumunda. Nthaka iwasokere ena." Ndatembenuka kuti ndizipita. Kumbuyo kwanga mawu, olemera koma omveka: "Zaka chikwi ndi theka, Velika, chitsiru iwe. Udikira?"

Dzina langa. Langa, osati la mlongo wawo.

Ndati ndinakudikirani inu pakhomo la bala unyamata wanu wonse, mafumu ndi ndani. Khasu ndasiya pakhonde. Ndalembera adokotala mawu onse, osasiyako. Chitsiru ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu.