Kaliboni Kosuluka ka Agogo

Kiel,
9 Novembala 1987.

Achimwene Sönke,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani amoyo, inu ndi alamu. Nanga chifuwa cha bambo chaleka kuwadzutsa? Ine ndili bwino, kungoti mphepo ya padoko yandiumitsa mawondo.

Kachitsulo ka timaliboni ta mamendulo a agogo aamuna kaja, kamene bambo anandipatsira ndikubwera kuno, ndinapita nako kwa a Thiessen, mkulu wina wogula ndi kugulitsa mamendulo akale a asilikali apamadzi. Mukudziwa chimene bambo akufuna kumva asanatisiye: ngati ndi zoona kuti bambo awo, amene anamira iwo ali khanda, anapatsidwa mendulo yopulumutsa anthu panyanja.

A Thiessen atakatembenuza anaseka mpaka kutsokomola. Anandifunsa kuti ndi telala uti anaveka msilikali wa Mfumu diresi. Akuti kuseri kumayenera kukhala nsalu ya buluu woderapo, ndiyo imasonyeza kuti mwini wake anali wapamadzi. Kuseri kwa kathu kuli kansalu kamaluwa. Ndinawauza kuti njenjete zitadya yoyambayo, agogo aakazi anadula epuloni yawo n'kusokerapo. Kuseka kuja anasiya.

Kaliboni kakuda ka mizere yoyera anakadziwa msanga, akuti ndi ka mendulo yankhondo yotchedwa Mtanda Wachitsulo. Kabuluu ndi ka zaka za pantchito. Chavuta ndi kotuwa kaja, kamene tili ana ankatinyamula kuti tikakhudze. Akuti ka opulumutsa anthu kamakhala kaolenji, mizere yoyera m'mbali. Koma palinso kena koyera, mizere yaolenji, kamene ankapatsa munthu pongogwira ntchito mokhulupirika. Kathu kanakhala zaka zonse zija pakhoma loyang'ana zenera, ndipo dzuwa linakasulutsa mpaka mitundu yonse inafanana.

Ndinafunsa ngati palibe njira ina. Akuti iwo amawerenganso malo, chifukwa kaliboni kalikonse kali ndi pake pamzere. Koma agogo aakazi posoka anasanja mwa iwo okha, kotuwako n'kukaika patsogolo penipeni. A Thiessen anati mayi ameneyo akanakhala mkulu wa zombo, nkhondo ikanatha Lolemba lomwelo.

Njira yatsala imodzi: kudula ulusi wa agogo, n'kuona popinda pamene dzuwa silinafike. Anandibwereka kasizasi, nati iwo sangakhudze ulusi wa mkazi wamasiye.

Achimwene, sizasiyo ili pathebulo pano sabata yonse. Ndimaitenga, ndimaibwezera. Ndikayang'ana ulusiwo ndimaona zala za agogo, ndimamva fungo la khofi m'khitchini muja. Ndikadula n'kupeza kuti ndi koyera kaja, ndidzawauza chiyani bambo? Kunama sindingathe, amandigwira ngakhale pa mawu okha. Ndikapanda kudula, adzafunsabe Lamlungu lililonse pafoni, monga anafunsira dzulo. Ndinawayankha kuti katswiri akufufuzabe.

Pempho langa ndi ili. Musawafunse bambo, chifukwa funso lokhalo liwauza kuti pali chokayikitsa. Inu ndinu mumawatembenuza pabedi ndi kuwamwetsa supu, mukudziwa zimene mtima wawo ungasenze. Mundilembere liwu limodzi lokha, dula kapena leka, ndipo ndichita. Koma musachedwe nalo kudikira kuti mumalize kudula kabichi kumunda, mawu a bambo dzulo ankamveka kutali kwambiri.

Mundiperekere moni kwa alamu a Frauke, kwa azakhali, ndi kwa ana. Bambo muwafunditse mapazi, muwauze kuti kachitsulo ka bambo awo ndakasunga bwino, kutali ndi zenera.

Ndine mlongo wanu,
Wiebke