Mabuleki a Basi ya Webster

Mtendere,
Lusaka.
21 Julaye 2024

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi amayi, ndiponso kuti chifuwa chimene chinakusautsani mwezi wathawu chinakusiyani. Ife kuno tili moyo, ndingotero. Kalatayi ndapatsira a Lemmy, amene akubwera ku Katete kudzagula mtedza, ndipo ndawapempha kuti aipereke m'manja mwanu. Pa foni ndimalephera kulankhula nanu momasuka chifukwa mumakweza mawu kuti amayi azimva nawo, ndipo amayi akangomva dzina la Webster amayamba kulira. Chonde muiwerenge muli nokha kudimba.

Zimene mukudziwa ndi zakuti mwana wanu Webster ali ku rimandi sabata yachinayi tsopano, ndipo mkamwini wanu a Mpundu, bambo wa Towela, anawadula mwendo wamanja m'munsi mwa bondo. Ndinakuuzani kuti basi ya Webster inawagunda pa rodibuloko mwangozi. Sindinaname, koma ndinasiya zambiri, ndipo zimene ndinasiyazo sizikundigonetsa tulo.

Inu simunaonepo mmene apolisi amaimitsira mabasi kuno. Saima m'mbali mwa msewu ngati a kwanuko. Amaima kutsogolo kwenikweni kwa galimoto, mawondo atatsala pang'ono kukhudza bampala, chifukwa akaima pambali dalaivala amangowakwezera dzanja n'kudutsa. Madalaivala nawonso si angelo. Amachenjezana ndi magetsi kuti kutsogolo kuli apolisi, ena amakhotera m'komboni n'kumathamanga pakati pa nyumba za anthu, ena amatsitsa anthu panjira ulendo usanathe. Kwa dalaivala, wapolisi ndi munthu amene wadzukira kudzadya thukuta la mnzake. Kwa wapolisi, dalaivala aliyense ndi wolakwa amene sanagwidwe chabe. Ine ndakhala zaka zonsezi ndikumva mbali ziwirizi, ina m'nyumba mwanga, ina kwa mlongo wanga, ndipo ndinkaziseka zonse.

Webster yekha sankathawa rodibuloko ya a Mpundu. Athawirenji mlamu wake? Komanso mukudziwa chimbuya, chibale chonyozana mocheza cha ife a kum'mawa ndi Abemba, chija munachiona pa ukwati wanga pamene abale a a Mpundu anakupakani ufa kumutu inu n'kumaseka. Anthu awiriwa chimbuya chawo anapita nacho pamsewu. A Mpundu akaima kutsogolo n'kukweza dzanja, Webster sankaima msanga. Ankamasula buleki pang'onopang'ono, n'kumawakankha ndi bampala, phazi limodzi, mapazi awiri, mutu ali nawo pawindo.

"Choka pa njila iwe wakudya kolwe!" ankakuwa choncho, kuwanena kuti amadya anyani.

A Mpundu ankamenya basiyo ndi chikhatho. "Seluka, wa mbeba iwe! Lelo uzagona mu selo!"

Anthu m'basi ankafa nazo kuseka, a Mpundu n'kupatuka, Webster n'kumapita. Anachita zimenezi zaka ziwiri, pafupifupi tsiku lililonse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene anati lekani.

Tsopano za mabuleki. Basi ija sinkaima ukaponda kamodzi. Unkayenera kupopa kawiri, tsiku lina katatu. Webster anauza mwini wake kangapo, ndipo yankho linali lomwelo, lodalira upolisi wa a Mpundu: "Yendetsa chabe, mulamu wako si ni kapokola?" Pepala la fitinesi pagalasi linatha kalekale. A Mpundu ankadziwa zonsezi. Lamlungu lina onse awiri anagona pansi pa basiyo pakhomo panga, akuyang'ana pamene mafuta a mabuleki ankadontha, ndipo podya a Mpundu anati, "Mulamu, iyi basi izakapaya munthu." Webster anati, "Ikapaye Mubemba." Tinaseka tonse, ndipo Lolemba anailola kudutsa monga mwa masiku onse.

Lachinayi la ngoziyo ndinadzuka bwino, koma tsiku linaipa ndisanatuluke m'nyumba. Magetsi kunalibe kuyambira dzulo lake, choncho yunifomu yawo ndinasita ndi simbi ya makala, ndipo kakhala kamodzi kanaboola mkono wa malaya. Kabowo kake kosakwana ndi njere ya chimanga. A Mpundu anandinyoza pamaso pa ana, ati ndine chimkazi chopanda ntchito, chodziwa kuwerenga tomato basi. Inu mukundidziwa, Atate, mtima wanga sunachedwepo kupsa. Ndinapita kokwerera basi ndikutokota m'kati.

Ndinali kupita kukaoda tomato kumsika wa Soweto, ndipo monga mwa nthawi zonse ndinakhala kutsogolo pafupi ndi Webster. Titalowa mumsewu waukulu tinapeza rodibuloko pamalo otsetsereka pang'ono. A Mpundu anaima pakati, dzanja m'mwamba. Tsiku limenelo panali bwana wawo wina wachizimayi, ataima pambali ndi buku, akuyang'ana mmene anyamata ake akugwirira ntchito. Nkhope ya a Mpundu inali youma, ndipo ndinawaona akupukusa mutu pang'ono, kumuuza Webster kuti lero ayi. Ndinaona ine, Atate. Mwamuna wanga ndimamudziwa akakhala kuti sakuseka.

Webster anati, "Onani ba sisi, ba mulamu lelo bazimvela."

Ine ndinati, "Mugunde, anizolobela."

Ndinanena mokweza kuti anthu aseke, ndipo anasekadi. Webster nayenso anaseka n'kumasula buleki. Masiku ena onse kumbuyo kwa a Mpundu kunkakhala malo obwerera. Tsiku limenelo kunali lole ya mchenga imene wapolisi mnzawo anali ataimitsa. Anabwerera phazi limodzi, lachiwiri, msana n'kugunda loleyo. Ndinaona phazi la Webster likuponda buleki mpaka pansi, basi osaima. Anapopa kachiwiri, akufuula dzina la mlamu wake. Pamene inkaima n'kuti mwendo uli pakati pa bampala ndi chitsulo cha lole.

Webster sanathawe, ngakhale madalaivala anzake ankamukuwira kuti athawe. Anabweza basi, natsika kuti awanyamule, koma apolisi anzawo anamugwetsa pansi n'kuyamba kumuponda ndi majombo. Webster ankakuwa kuti, "Mabuleki! Ba sisi, bauzeni!" Ine ndinali nditagwada pa phula, mutu wa mwamuna wanga uli pamiyendo panga, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Patapita masiku anayi anandiitana ku polisi. Wofufuza mlanduwu ndi bambo wina dzina lake a Silas, wolankhula mofatsa ngati mkulu wa mpingo. Anandipatsa mpando, natseka chitseko. Pepala la umboni wanga linali kale patebulo, lolembedwa ine ndisanalankhule.

"Amai, tiyeni tikambe monga banthu," anatero. "Mukakamba ati ni mabuleki, funso izabwela: nindani enze kuilola iyi basi kupita zaka zibili? Bamuna banu bazachoka nchito na mwendo umozi, kulibe na penshoni. Koma ngati dalaiva anachita dala, ninshi bavulala pa nchito, tizabapasa ka tebulo mu ofesi."

Ndinati basiyo ili panja apo, akaiyese okha. Anandiyang'ana momvera chisoni, nati basi anaibweza kwa mwini wake dzulo, ndipo mabuleki ake akugwira bwinobwino. Kenaka anatsegula pepala lina.

"Elo kuli bazimai babili benze kumbuyo kwanu. Bakamba ati banamvela mau yanu. Ine sinifuna kuyalemba. Muli na bana."

Ndinatuluka mu ofesimo n'kukhala pansi pamwala kunja kwa geti mpaka dzuwa linanditentha.

Chiyambire pamenepo aliyense akundichitira zabwino, ndipo zabwinozo ndi zimene zikundipha. Cathrine, mkazi wa Webster, amabwera m'mawa uliwonse kudzaphika phala loti ndipite nalo kuchipatala. Amachapa zovala za ana anga pamodzi ndi za ake. Akamachoka amandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ba mulamu, ndimwe chabe mboni yathu. Mwenze kutsogolo, munaona kwendo yake." Ine ndimangoti inde, ndinaona.

Webster ndinakamuona Lachitatu. Wawonda, dzino limodzi lakutsogolo mulibe, ndipo akapuma mwamphamvu amagwira nthiti. Choyamba chimene anafunsa ndi chakuti mlamu wake akudya kapena ayi. Kenaka anasendera pafupi ndi waya n'kunong'ona kuti, "Osavutika ba sisi, vija munakamba sin'nauze munthu. Venze vocheza. Imwe kambani chabe va mabuleki." Mwana amene ndinkamubereka kumsana popita kuchigayo, lero ndiye akundibisa ine. Ndinamusiyira buledi ndi sopo n'kuchoka nthawi isanakwane.

A Mpundu salankhula zambiri. Amagona atayang'ana kukhoma, ndipo nthawi zina amafuna kukanda phazi limene kulibe. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti ndikanene chiyani kukhoti. Anati Towela alemba mayeso a giredi seveni chaka chino, ndipo munthu wa mwendo umodzi salembedwa ntchito ya ulonda. Nditanyamula mbale kuti ndizipita anati, "Nenze kukuona pa gilasi. Wenze kuseka." Mawu anga sanawamve, anangoona mano. Chichokereni tsiku limenelo sanaitchulenso nkhaniyi.

Atate, pamwambapa ndalemba kuti ndinatuluka mu ofesi ya a Silas n'kukhala pamwala. Chimene sindinalembe n'chakuti ndinatuluka nditasaina. Pepalalo likuti Webster anatukwana wapolisi, kenaka anaponda mafuta mwadala. Za mabuleki mulibe, za chimbuya mulibe, za mawu anga mulibe. Pansi pake pali dzina langa, lolembedwa ndi dzanja lomweli. Mlandu umene amutsegulira ndi wofuna kupha munthu, ndipo akuti akapezeka wolakwa ana ake adzakula iye kulibe.

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinasaina chifukwa cha Towela ndi ang'ono ake, ndipo wina aliyense ndingamuuze choncho n'kukhulupirira. Inu sindikunamizani. Pamene ankanena za ntchito ya a Mpundu ndinali ndikukanabe. Cholembera ndinachitola atatchula amayi awiri aja. Ndinaopa selo, ndinaopa kuti azilamu anga adzamva zimene ndinanena, ndinaopa kuti a Mpundu adzadziwa kuti sikunali kuseka kokha. Ndinasaina chifukwa cha ine mwini, ndipo ndikuchita manyazi kwambiri.

Mlandu ulowa pa 13 Ogasiti. Ndafunsa mwakachetechete kwa mayi wina wa kutchalitchi amene amagwira ntchito kwa maloya, ndipo akuti munthu angathe kuimirira m'khoti n'kunena kuti zimene anasaina si zoona, koma akonzekere zotsatira zake. Ndikatero a Mpundu ntchito yatha, banja langa mwina latha, ndipo inenso angandisunge. Ndikapanda kutero Webster apita. Ndayesa kupemphera kuti ndione njira imene onse angapulumukire, koma sindikuiona.

Sindikukupemphani kuti mundisankhire, pakuti zoona ndikuzidziwa kale. Ndikupempha kuti mubwere. A Lemmy abwerera kuno pa 10 Ogasiti, ndipo ndawauza kuti akwere nanu. Mudzakhale pa benchi yakutsogolo, pamene ndingakuoneni bwino. Ndadziyesa ndekha ndipo ndadziona mmene ndilili: m'khotimo mudzakhala a Silas, mudzakhala abale a a Mpundu, ndipo ndikadzayang'ana nkhope zawo zokha ndidzabwereza zimene zili papepala. Chikhalire sindinathe kunama inu mukundiyang'ana. Ngakhale pamenepo sindikulonjeza, koma popanda inu ndikudziwa kuti sindingathe.

Amayi muwauze kuti mukubwera kudzaona wodwala. Muwapatse moni wanga, pamodzi ndi azakhali ndi onse a kumpingo. Towela ndi ang'ono ake akupereka moni kwa agogo awo. Cathrine wapereka moni ndi chitenje cha amayi chimene a Lemmy anyamula. A Mpundu ndinawauza kuti ndikulemba kalata, anangogwedeza mutu. Webster anati ndikuuzeni kuti musade nkhawa, atuluka posachedwa, chifukwa mlongo wake anaona zonse.

Ndine mwana wanu,

Tionge