Diresi ya Ansa

9 Disembala
Andichotsa. Pamsonkhano, pamaso pa gulu lonse. A Asuquo, mkulu wa gulu lathu la chionetsero, ndi timawu tawo totsekemera: "Mayi Nkoyo, mwatumikira mokwana. Chaka chino pa fuloti pakwere wachitsikana." Akazi awo chapansipansi: "Tsabola wakale sawawa." Ndamva, mayi, makutu ndili nawo.

Wachitsikanayo ndi Ansa, mng'ono wanga, bere limodzi. Anangozolika ngati sakudziwa kanthu. Njoka.

Kuyambira ndili namwali, pa chikondwerero cha mumsewu kuno ku Calabar mfumukazi ya pamwamba pa fuloti, lole yathu yokongoletsedwa, ndinali ine. Lero akuti ndisoke diresi yake. Ndavomera, poti telala wa gulu ndine.

12 Disembala
Ndakaiona lole. Aimangira chinsomba cha mawaya, mamba onyezimira, mpando pamsana. Yokongola kuposa zonse zomwe ndinakwerapo. Zandiwawa.

Azungu ndi aulesi pa mayina. Lole ya chionetsero, fuloti. Thabwa la omanga nyumba losalazira simenti, fuloti. Zoyandamitsa ukonde za asodzi, fuloti. Zambiri n'zopepuka, zongotengeka ndi madzi. Ansa akuyeneradi.

15 Disembala
Ansa wabwera kudzayezetsa diresi, atanyamula mphika wa afang, ndiwo zathu zamasamba, ngati ndine mwana wonyengerera ndi chakudya. "Achemwali, musandikwiyire, sindinapemphe ine." Ine mapini m'kamwa, kumangomuyeza.

Kachiuno ngati ka mavu. Amadya ngati tonsefe, zimapita kuti? Afang ndapatsa aneba.

19 Disembala
Diresi yatha. Nsalu yagolide yochokera kumzinda wa Aba, mpukutu wonse walowa.

Diresi ya pa fuloti imasokedwa yokhwepa, ndipo mkati mwa msoko umasiyamo nsalu yoti ungatambasule. Tsiku lonse padzuwa, manja m'mwamba, nthiti zimafuna malo. Ine ndathinitsa. Nsalu ya mumsoko ndadula yonse, ndaponya pambaula. Aone kuti ufumukazi si kumwetulira chabe.

23 Disembala
Kuyeserera pamsewu, Ansa pamwamba pa lole mu diresi ija. Dzuwa loswa mtengo. Tisanafike n'komwe pamphambano, Ansa gwa! Mwayi wake lamba womangirira kuchitsulo, anangolendewera ngati nkhuku ya pamsika. Ndinathamanga nawo. Atatsegula maso, ndinakondwa kawiri: kuti ali moyo, ndi kuti wagwa.

Onse akuti ndi dzuwa.

26 Disembala
Mwamuna wa Ansa wakaniza, akuti mkazi wake sakwerakonso. A Asuquo abwera okha kwathu, chipewa m'manja. "Mayi athu, tipulumutseni, kwerani ndinu, tisachite manyazi." Ndinawasiya ataimirira kaye, ndikusesa pakhonde posafunika kusesa.

Ndavomera. Ndaimba tsiku lonse. Akazi awo aja aone.

27 Disembala
Mawa ndiye tsiku.

Kuvala diresi kuseri kwa lole, amayi a gulu atandizungulira. Yakana. Zipi yaima pakati pa msana. Awiri kukoka, ine kubweza mimba, ayi ndithu. Wina kuseka: "Nsima ya gari siinama, mayi!"

A Asuquo kunja kwa chinsalu: "Ingotambasulani msoko, atelala nonse mumasiya nsalu mkati."

Ansa anali pomwepo, anabwera kudzandithandiza kuvala. Anaitembenuza diresiyo, n'kuyendetsa chala mumsoko kuyambira kukhwapa mpaka m'chiuno. Kusoka ndinamuphunzitsa ndine, akudziwa chomwe lumo lachita. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadikira kuti akuwe, gulu lonse limve.

Sanakuwe. Anaipinda bwinobwino, n'kuiika padzanja pake. "A Asuquo, nsaluyi inali yochepa, si vuto la achemwali. Ndikwera ndine, amuna anga ndikalankhula nawo kunyumba." Kenako kwa ine ndekha, motsitsa: "Musadandaule, achemwali. Ndizipuma pang'onopang'ono."

Mawa dzuwa lomwe lija, msewu wonse, mu diresi yomwe ija. Nsalu ina palibe, ndafunsa misika yonse.

Bola akanandiyalutsa.