Bawo yanu ndinaiyanika pa intaneti

Johannesburg
18 Ogasiti 2024

Okondedwa Ababa,

Landirani moni wochokera kuno ku Joni. Kaya bondo lija likukulolani kuyenda tsopano poti chisanu chatha? Nanga Amayi chifuwa chinawasiya? Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi. Foni yanga mwaikana katatu, ndiye ndati ndilembe kalata, mng'ono wanga Janeti akuwerengereni.

Kuno mphepo ya Ogasiti yafika ndi fumbi lake, mukuidziwa inu amene munatha zaka khumi ndi ziwiri kumigodi. Ntchito ikuyenda. Tidakali anthu anayi, tikupanga masewera oti munthu amangotsegula pa intaneti n'kuyamba kusewera, osaika kalikonse m'foni. Ntchito yomweyi ndi imene yandilakwitsa kwa inu.

Malangizo a kompyuta timawalemba m'chilankhulo chotchedwa Lisp. Anzathu a m'makampani ena amatiseka kuti tsamba lathu limadzaza mabulaketi ngati pamene munthu wawengera zikhadabo. Aziseka. Ine ndimachikonda chifukwa chilichonse umachilemba ngati mndandanda, n'kuchitcha dzina limene wafuna, ngakhale la Chichewa. Utha kusintha masewera ali mkati n'kuona pomwepo chimene chachitika.

Chaka chatha ndinapanga bawo. Panafunika mdani woti munthu azisewera naye akakhala yekha, koma woyamba amene ndinapanga anali chitsiru, ankangopereka nkhomo ngati mphatso. Ndiye ndinakumbukira njira zanu zija zimene munabwera nazo kuchokera kukomboni ya kumgodi. Munandiphunzitsa pakhonde pathu anthu akunena kuti bawo si ya atsikana. Munandiuza kuti zimenezi ndi za m'nyumba mwathu, ndisadzauze ngakhale mwamuna wodzandikwatira, ndipo ndinavomera.

Ndinazilemba zonse khumi ndi zinayi, m'Chichewa chomveka: nthawi yotakata, nthawi yosiya nyumba poyera kuti mdani aithamangire, zonse. Mdaniyo ndinamutcha dzina lanu, Yoramu wa ku Manjawira. Ndinkadzinamiza kuti ndikukulemekezani, komanso kuti kompyuta si munthu, ndiye sindinauze aliyense.

Chimene ndinanyalanyaza ndi chinthu choti ndimachidziwa bwinobwino. Masewera otere amatumizidwa athunthu kukompyuta ya wosewerayo, ndipo wodziwa pang'ono atha kutsegula kuseri n'kuwerenga. Zina zonse zimafinyidwa mpaka kukhala zosawerengeka, koma mndandanda wa njira zanu unapita momwe ndinaulembera. A Gibson, aphunzitsi a kusekondale aja, sanabe kanthu. Anangotola zimene mwana wanu anayanika panjira.

Janeti wandiuza zonse. Wati tsiku la msika a Gibson anakugonjetsani katatu pakhonde la sitolo ya a Swaleh, akumatchula dzenje limene mutole inu musanatambasule dzanja, anthu n'kumaseka. Wati bawo munailowetsa pansi pa bedi, ndipo patha miyezi iwiri simunapondeko kumsika wa ku Manjawira. Wati simunanditukwane, munangofunsa ngati wachita zimenezi ndi Chikhulupiriro wanu yemweyu. Bola mukananditukwana.

Ndalakwa, Ababa, ndipo manyazi andigwira. Njira zanu ndazichotsa, dzina lanunso ndalichotsa. Zinanditengera mphindi ziwiri zokha, masewera ali mkati, monga ndimanyadira muja. Koma m'mutu mwa a Gibson sindingalowemo kukafufuta.

Pempho langa ndi limodzi: tulutsani bawo ija. A Gibson akudziwa zokhazo zimene ine ndikudziwa, ndipo ine, ndi njira zonse khumi ndi zinayi, sindinakugonjetsenipo ngakhale kamodzi chibadwire. Tsiku lija anangokudzidzimutsani. Ndikubwera pa Khirisimasi, ndipo mukandilola ndidzaisenza ndekha bawoyo mpaka kwa a Swaleh, ndikanene pamaso pa onse amene anaseka kuti anaulula ndine.

Kuyambira ndili wamng'ono ndakhala ndikuganiza kuti ilipo njira yakhumi ndi chisanu imene munandibisira, ndipo ndinkanyinyirika nazo. Ngati ilipodi, Ababa, munachita bwino. Musadzandiphunzitse.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa azakhali a ku Mlangeni, kwa amalume a Dyton ndi akunyumba kwawo, ndi kwa alamu anga a Fanizo. Iwe Janeti, zikomo powerenga, ndipo usadumphe mzere uliwonse pondimvera chisoni.

Ndine mwana wanu wokulakwirani,
Chikhulupiriro